Mmene makalata a ChatGPT anandisokonezera polemba anthu ntchito

Ndakhala ndikulemba anthu ntchito kwa zaka 11 pa kampani ina yogulitsa mbewu ndi feteleza ku Kanengo, mu Lilongwe. Si kampani yaikulu. Tili ndi madepoti angapo m'chigawo chapakati, ndipo nthawi yokolola timagulanso soya ndi mtedza kwa alimi. Udindo wanga pa pepala ndi woyang'anira ogwira ntchito, koma amene anagwirapo pa kampani yotere akudziwa kuti munthu yemweyo ndi amene amaonanso za malipiro, za maliro, za mafuta a jenereta ngakhalenso shuga wa tiyi. Ndiye ndikamanena zolemba anthu ntchito musaganize za ofesi ya anthu khumi. Ndimakhala ndekha ndi mtsikana mmodzi wondithandiza.

Pamene ndinkayamba, makalata ankabwera m'maenvelopu a khaki. Dalaivala ankakatenga ku positi ofesi m'katoni, ine n'kumatsegula imodziimodzi. Kalata inkaulula mwini wake. Wina wafufuta ndi tipeksi katatu, wina walakwitsa dzina la kampani, wina wangokopera chitsanzo cha m'buku la Chingerezi la Fomu 4 osasintha ndi tsiku lomwe. Munthu wolongosoka ankaonekera pa tsamba loyamba. Makalata 80 ndinkawamaliza masiku awiri, ndipo maso anga ndinkawakhulupirira.

Mu Seputembala 2023 tinkafuna makalaliki awiri a m'depoti. Ntchito yake ndi yodziwika: kulandira katundu, kulemba pa stock card (khadi losonyeza katundu wolowa, wotuluka ndi wotsala), kugulitsa, kudula malisiti, ndi kutumiza lipoti madzulo alionse. Tinkafuna MSCE ndi satifiketi ya akaunti kapena ya kasungidwe ka katundu. Chidziwitso chinatuluka m'nyuzipepala Lachisanu, wina anachijambula n'kuchiponya m'magulu a WhatsApp, ndipo pofika tsiku lotsekera mu imelo munali makalata oposa 700.

Kuchulukako sikunandidabwitse. Tonse tikukumbukira mmene anthu anapondanirana ku Mzuzu mu Juni 2020 polimbirana intavyu ya ntchito za umoyo. Ntchito m'dziko muno ndi ya maso ofiira. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti makalatawo anali okoma, pafupifupi onse. Chingerezi chosalala, ndime zitatu zoyalana bwino, mawu athu omwe a m'chidziwitso atatibwerera atavala suti. Tinalemba kuti tikufuna munthu wosamala ngakhale pa tinthu ting'onoting'ono. Anthu 700 onse anali osamala ngakhale pa tinthu ting'onoting'ono. Poyamba ndinakondwa, ndinati ana a masiku ano aphunzira kulemba. Pofika pa kalata ya 40 ndinali nditayamba kulosera chiganizo chotsatira ndisanachiwerenge. Kenaka ndinapeza ina imene pakati pake panatsalira mawu akuti "Insert company name".

Mtsikana wondithandiza uja anaseka mpaka misozi. "Amayi, imeneyo ndi ChatGPT," anatero, n'kundionetsa pa foni yake pulogalamu imene imakulembera zimene waiuza. Anaikamo chidziwitso chathu, ndipo madzi a tiyi asanawire kalata inali itatuluka, yoposa imene ine ndingalembe nditagona tulo tabwino. Chinthucho chinali chisanathe ndi chaka chomwe, poti chinatuluka kumapeto kwa Novembala 2022, koma chinali chitafika kale ku Mchesi, ku Area 25 ndi ku Mponela.

Pa ntchito yathu kalendala yeniyeni ndi mitambo. Mvula ikayamba depoti ilibe kalaliki, alimi sadikira, amangowoloka msewu kukagula kwa anzathu, ndipo mbewu yotsala mu Januwale ndi ndalama yokwiriridwa. Abwana ankasuzumira pa khomo langa m'mawa uliwonse ndi funso limodzi: "Mayi, anthu aja?" Ndiye ndinachita zimene ndinazolowera. Ndinasankha makalata 12 okoma kwambiri. Pofuna kufulumira, intavyu tinapangira pa vidiyo, mphindi 15 munthu aliyense.

Mnyamata wina anatiposa tonse. Ndikafunsa funso ankayamba wakhala chete pang'ono, maso ali cha kumbali, kenaka n'kutulutsa yankho lalitali lopanda pogwira. Kukhala chete kuja ndinkati ndi netiweki. Tinamutumiza ku Mchinji.

Patatha milungu isanu tinawerenga katundu, ndipo mabuku anaonetsa kuti matumba 46 a Urea asowa. Mtengo wa thumba mukuudziwa nokha. Maganizo oyamba a aliyense anali akuti waba. Tinanyamuka m'mamawa ndi a akaunti, mtima uli m'mwamba, koma titafika matumba onse analipo, ataunjikidwa bwinobwino. Vuto linali pa pepala. Katundu wobwezedwa ankamulemba ngati wogulitsidwa, delivery note ina (pepala lobwera ndi katundu) anailowetsa kawiri, ndipo sankadziwa kuti chotsala cha dzulo ndicho poyambira pa lero. Amene ankamuthandiza kuwerenga anali mlonda wa pa depoti, bambo amene sukulu analekeza Sitandade 8.

Nditakhala naye pansi sanabise. Tsiku la intavyu mnzake anali pambali ndi laputopu, akulemba mafunso anga, iye n'kumawerenga mayankho. "Madamu, ndimangofuna ntchito. Ndimati ndikaphunzirira konko." Satifiketi yake inali yeniyeni, anangodutsa m'kalasi osagwirako buku la katundu. Ndinalephera kumukwiyira mokwanira, chifukwa amene anatsegula chipata ndi ine. Lamulo la ntchito la 2000 limalola nthawi yoyeserera yosapitirira miyezi 12, ife timaika itatu, choncho tinasiyana mwamtendere mu Disembala. Koma Disembala ndiye pakati pa msika. Ndinakagona ku Mchinji milungu iwiri ndikugulitsa feteleza ndekha, ana anga akudya Khirisimasi kwa mchemwali wanga.

Ndinabwerako ndili ndi mantha, ndipo mantha ndi amene anandilakwitsa kachiwiri, mwina koposa poyamba.

Mu Febuluwale 2024 tinalengezanso, tsopano pokonzekera kugula soya. Ndinalumbira kuti kalata ya makina sidutsanso. Ndinapeza pa intaneti mapulogalamu aja amene amati amazindikira zolembedwa ndi AI, ndiko kuti makina ngati ChatGPT, ndipo kalata iliyonse ndinkaiponyamo. Ikati makina, kunja. Masiku atatu ndinataya makalata oposa theka, ndikudziona ngati wapolisi wa pa rodibuloko. Otsalawo ndinawakonzera mapiri: nkhani yolemba ya masamba awiri, intavyu yoyamba, intavyu yachiwiri ndi abwana, maumboni atatu, ndi kalata ya kupolisi, zonsezo kwa anthu 15.

Chimene chinandidzutsa ndi kalata ya mtsikana wina amene anaphunzirapo ntchito kwathu miyezi isanu ndi umodzi. Kalata yakeyo anayamba wailemba pa pepala atakhala pa desiki ya pafupi nane, ndinamuona ndi maso angawa, anandifunsanso kalembedwe ka mawu awiri. Pulogalamu ija inati ndi ya makina. Ndinafukula kalata yanga yofunsira ntchito ya 2012, nthawi imene ChatGPT kunalibe ndi m'maloto momwe, n'kuiponyamo. Inati mbali ina ndi ya makina.

Usiku umenewo ndinawerenga zimene ndinayenera kuwerenga ndisanayambe. Kampani ya OpenAI, eni ake a ChatGPT, anali ndi chida chawo chozindikirira zolemba za AI, ndipo anachitseka mu Julayi 2023 chifukwa chinkalakwitsa kwambiri. Chaka chomwecho akatswiri a pa yunivesite ya Stanford ku America anayesa zida zoterezi pa nkhani zolembedwa ndi anthu amene Chingerezi si chiyankhulo chawo chobadwa nacho, ndipo zoposa theka zinanamiziridwa kuti ndi za makina, pamene za ana a sukulu a ku America zinkadutsa pafupifupi zonse. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Zidazi zimayang'ana ngati mawu otsatira ndi oyembekezereka. Ife amene Chingerezi tinachiphunzira m'kalasi, ndi aphunzitsi amene ankatiloweza kayambidwe ndi kamalizidwe ka kalata, timalemba mawu odziwika m'njira yodziwika. Kwa chidacho, mwana wa ku CDSS amene anamvera aphunzitsi ake ndi makina. Pomwe wochenjera amangouza ChatGPT kuti isokoneze pang'ono, n'kudutsa. Ndinali ndikutaya osalakwa n'kumasunga akathyali.

Mapiri ajanso anatigwera tokha. Kuti anthu atatu a pa intavyu apezeke tsiku limodzi inali nkhondo. Sabata ino abwana ali ku Beira kukalondola katundu pa doko, sabata yamawa a akaunti ali ku maliro ku Ntcheu, sabata inayo ine ndili pa malipiro. Zinatenga milungu 11. Pomwe tinkaimba foni kuti mwapambana, woyamba anali atayamba kale ntchito ku bungwe lina, wachiwiri anali atakwera basi ya ku Joni. Soya tinayamba kugula dalaivala ali pa sikelo.

Koma chimene chimandiwawabe ndi mawu a mayi wina wa ku Karonga amene tinamuitana kawiri, ulendo uliwonse pa ndalama yake. Nditamuimbira kuti abwerenso kachitatu abwana akafika, anati: "Amayi, ngati simukundifuna mungondiuza. Ndalama ya basi ndikumachita kukongola." Ndinasowa choyankha. Ine ndinkati ndikusamala kampani, osaona kuti kusamala kwangako akulipira ndi anthu osauka kuposa tonse.

Njira imene ndikugwiritsa ntchito lero sinachokere pa intaneti. Inachokera kwa a kapitawo athu a mu nyumba yosungira katundu ku Kanengo, bambo achikulire amene anagwirapo m'mashedi a fodya ine ndisanabadwe. Tsiku lina ndikudandaula pa nthawi ya nkhomaliro, anangoti: "Mayi, inu mumafunsa munthu ngati amatha kupalasa njinga, iye n'kuyankha bwino, inu n'kulemba malikisi. Bwanji osangomupatsa njingayo?"

Mu Ogasiti 2024 ndinawamvera, ndipo ndifotokoza mwatsatanetsatane chifukwa apa ndi pamene mwina wina angatolepo kanthu.

Kalata yofunsira ntchito ndinaichotsa. Kwa ntchito ngati iyi inali itasiya kundiuza chilichonse, ndiye kuiwerenga kunali kutaya nthawi ndipo kuiweruza kunali kudzinamiza. M'malo mwake tinaika fomu yaifupi pa Google Forms, ndi ina ya pepala m'madepoti onse kwa amene alibe bandulo kapena foni yaikulu. Pa fomupo pali zinthu zimene yankho lake ndi inde kapena ayi: MSCE muli nayo, masamu munakhoza, mungakhale ku Mkanda kapena ku Santhe chaka chonse, mungayambe tsiku lakuti. Malipiro tinawalemba poyera m'chidziwitso. Abwana anakana poyamba, ati anzathu a m'makampani ena adziwa, ngati kuti sakudziwa kale. Kungolemba malipiro ndi dzina la malo kunachotsa gulu lalikulu la anthu a madigiri amene amaponya CV paliponse koma sangagone usiku umodzi kopanda magetsi.

Funso lolemba linali limodzi lokha: "Tiuzeni za tsiku limene ndalama kapena katundu sanagwirizane ndi zimene munalemba, kaya ku golosale, ku tchalitchi, ku banki m'khonde kapena kuntchito. Munatani?" Mizere isanu, Chichewa kapena Chingerezi. Pansi pake tinalemba kuti kugwiritsa ntchito AI si mlandu, koma chilichonse chimene mwalemba tidzakufunsani. ChatGPT ingathe kuyankha funso limenelo, inde, ndipo ambiri anaigwiritsadi ntchito. Sindinkadandaula. Yankholo silinali loti ndipereke malikisi, linali chingwe choti ndikokere pa foni.

Foniyo ndiye inasintha zinthu. Anthu 40 amene anakwanitsa zofunika zija tinawauza kuti tidzaimba Lachiwiri kapena Lachitatu pakati pa 8 koloko ndi 4 koloko. Foni wamba, osati vidiyo, mphindi zisanu ndi ziwiri. Ndinkayamba m'Chichewa, munthu akafuna Chingerezi tinkasintha, poti si onse amene Chichewa ndi cha pa bere. Ndinkangotenga nkhani yake yomwe n'kumafunsa tinthu tating'ono. Golosaleyo inali pati? Shuga munkapikula kuti? Ndalama inasowayo inali zingati, ndipo munaizindikira nthawi yanji? Eni ake anati chiyani? Munthu amene zinamuchitikira amayankha asanaganize, ena amaseka, ena amayamba kukwiyanso ngati zachitika dzulo. Amene anachita kulemberedwa amabwereza chiganizo cha pa fomu chija, ukamufunsa mtengo wa shuga n'kuyamba kutsokomola. Palibe nthawi yoti mnzake alembe pa laputopu, chifukwa funso lililonse likubadwa kuchokera ku yankho lapitalo.

Apa pali pofunika kusamala. Anthu ena ndi amanyazi, makamaka atsikana a kumudzi akamva mawu a munthu wa ku ofesi, ndipo manyazi si bodza. Ndinaphunzira kuyamba ndi moni wautali ndi kufunsa za kunyumba, mtima ukhale kaye pansi. Komanso munthu asatayidwe chifukwa sanayankhe foni kamodzi. Kwathu kuno foni imakhala ili kotchajitsa pa msika, kapena mwini wake ali kudimba kopanda netiweki. Timaimba katatu pa nthawi zosiyana, n'kutumizanso uthenga.

Pa anthu 40 tinatsala ndi 14, ndipo amenewa ndi amene tinawapatsa njinga ija. Loweruka limodzi, nthawi imodzi, m'madepoti atatu, kuti aliyense apite kumene kuli pafupi. Mafoni onse mu beseni pa khomo. Aliyense analandira cholembera, kakyuleta, stock card yopanda kanthu, ma delivery note atatu ndi malisiti a tsiku limodzi, n'kupatsidwa mphindi 45 kuti atiuze matumba otsala ndi ndalama yoyenera kukhala mu kabati. M'mapepalamo ndinabisamo dala lisiti imodzi yolembedwa kawiri. Atamaliza, a kapitawo a pa depoti iliyonse ankawatenga mmodzimmodzi kukawerenga mulu weniweni wa matumba. Muluwo anauunjika okha mwa njira ya akuba, kunja kokwanira bwino koma pakati pali mphako. Ambiri anawerenga m'litali, m'lifupi ndi m'mwamba n'kuchulukitsa. Atatu okha ndi amene anapempha makwerero kuti aone pamwamba.

Ndalama ya basi tinabweza tsiku lomwelo pa Airtel Money ndi Mpamba, aliyense asanatuluke pa geti. Nditawerengera, yonse pamodzi sinafike pa mafuta amene tinawotcha ulendo wa ku Mchinji uja wokasaka matumba osasowa.

Mapepala a mayesowo analibe maina, anali ndi manambala okha, ndipo amene anachonga ndi a akaunti, amene sanaone nkhope ya aliyense. Ndinachita zimenezi poopa tsankho langa lomwe, koma zinandipulumutsa ku chinthu china chimene aliyense wolemba anthu ntchito m'Malawi muno amachidziwa. Chidziwitso chikangotuluka, foni imayamba kulira. Mwana wa alamu awo a ujeni, mdzukulu wa a mpingo, mphwake wa kasitomala wamkulu. Kale ndinkavutika kukana popanda kudana ndi anthu. Tsopano ndimangoti, "Abwere adzalembe nawo Loweruka, pepala lake likhala ndi nambala ngati anzake." Ena amabweradi. Mmodzi anakhozadi, ndipo tinamulemba popanda wina wonong'ona.

Kufufuza kozama, kumene mu Febuluwale ndinkachita kwa anthu 15, tsopano ndimachita kwa atatu omaliza okha. Satifiketi ya MSCE timatsimikiza ku MANEB, ya akaunti ku bungwe la akatswiri a akaunti la ICAM kapena ku koleji imene inapereka, ndipo koleji ikakhala yachilendo m'makutu timaona ngati ili yovomerezeka ku mabungwe oyang'anira makoleji a NCHE kapena TEVETA. Masiku ano pepala looneka bwino munthu angathe kulipanga pa foni, choncho chidindo cha pa fotokope sindichiwerengeranso. Za maumboni, nambala imene munthu walemba pa CV sindiyambira imeneyo. Ndimasaka ndekha nambala ya ofesi ya kumene ankagwirako, chifukwa ndinayankhulapo ndi "manijala" amene pambuyo pake anapezeka kuti ndi msuweni wake. Ndipo funso lothandiza ndi limodzi: "Atabweranso, mungamulembe?" Anthu athu sakonda kuipitsa mnzawo, sanganene kuti ndi wakuba. Koma mverani kutalika kwa chete amene amabwera lisanatuluke yankho.

Kuchedwa kuja ndinakuthetsa ndi chinthu chopepuka mochititsa manyazi. Chidziwitso chisanatuluke, ndimalemba masiku onse pa pepala limodzi, lotsekera, loimba mafoni, la mayeso, la intavyu, lopereka yankho, ndipo abwana ndi a akaunti amasainira. Amene sadzapezeka amatchuliratu womuimirira. Masiku omwewo timawalembanso m'chidziwitso kuti ofunsira adziwe. Ulendo umenewo, kuchokera pa kulengeza kufika pa kusaina makalata a ntchito panadutsa masiku 19. Intavyu ya maso ndi maso inali imodzi, ya mphindi 20, ndipo theka lake tinkakambirana pepala la mayeso la munthuyo. Onse amene sanapambane analandira uthenga. Zimenezi n'zaulere, koma ofunsira ntchito m'dziko muno anazolowera kungomva zii, moti ena anayankha kuthokoza ngati tawapatsa kanthu.

Ena adzafunsa kuti bwanji osangolimbana ndi makina pogwiritsa ntchito makina anzake. Anabweradi mnyamata wina wa tayi kudzatitsatsa pulogalamu yoti iziwerenga ma CV onse n'kutisanjira khumi apamwamba. Ndinaganizira, poti makalata 700 si masewera. Koma taganizani: makina alembe kalata potengera chidziwitso chathu, makina ena aiwerenge poiyerekeza ndi chidziwitso chomwecho. Wopambana ndi amene ali ndi bandulo yambiri. Kampani yaikulu ngati Amazon inayesapo kupanga chida chotere, ndipo mu 2018 zinadziwika kuti inachisiya chifukwa chinaphunzira kuchokera ku ma CV akale, ambiri a amuna, n'kuyamba kutsitsa a akazi. Mzinda wa New York unayamba mu Julayi 2023 kukakamiza kuti zida zotere ziziyesedwa kaye ngati zilibe tsankho, ndipo lamulo la AI la mayiko a European Union, limene linayamba kugwira ntchito mu Ogasiti 2024, limaika zida zolembera anthu ntchito m'gulu la zofunika kuziyang'anira kwambiri. Ngati eni ake akuziopa chonchi, ine wa ku Kanengo ndingadziwe bwanji mmene chidacho chikuonera dzina la sukulu ya ku Nsanje?

Palinso nkhani ya chinsinsi. CV imakhala ndi dzina, tsiku lobadwa, nambala ya chiphaso cha unzika, mudzi ndi mfumu. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2024, ndipo ngakhale likanakhala kulibe, munthu anakupatsa pepalalo kuti uwerenge iwe, osati ukaliponye pa intaneti kumene sudziwa kuti likasungidwa kuti. Ndimachita manyazi ndikakumbuka makalata amene ndinaponya m'mapulogalamu aja mu Febuluwale, maina ali pomwepo. ChatGPT ndimaigwiritsa ntchito ndithu, pokonza chidziwitso ndi posintha manambala a mayeso kuti a chaka chino asafanane ndi a chaka chatha. Dzina la munthu sindiikamo. Pa fomu yathu sitifunsanso chiphaso mpaka munthu atafika pa atatu omaliza, makamaka chichitikireni zoti akathyali ena anakopera chidziwitso chathu, n'kuikapo nambala yawo, n'kumauza anthu kuti atumize ndalama ya fomu. Tsopano timalemba ndi zilembo zazikulu kuti sitilipiritsa kalikonse.

Njirayi ili ndi pofooka pake. Mayeso a stock card amakomera amene anaigwirapo, choncho mwana wongochoka kusukulu amayamba ali kumbuyo. Ndimayesa kukonza poona njira imene wadutsa osati yankho lokha, koma sindinganame kuti zimakwanira. Komanso ntchito zina sizikwana mu mphindi 45. Titafuna mlangizi wa zaulimi tinachita kupita naye m'munda wa chimanga chodwala kuti atiuze chavuta n'chiyani, n'kumufotokozera mlimi m'Chichewa, ndipo zinatitengera tsiku lathunthu kwa anthu anayi okha. Nawonso ofunsira sagona. Chaka chatha wina pa foni ankabwereza funso langa lililonse mokweza asanayankhe, ndipo ndinamva mawu ena akunong'ona chapatali. Ndinangomufunsa kuti minibasi yochokera kwawo kufika pa boma ndi ndalama zingati, nong'onong'o uja n'kutha.

Kwa inu amene mukufunsira ntchito, sindikuuzani kuti musiye ChatGPT. Ngati ikukuthandizani kuwongola Chingerezi, igwiritseni ntchito, ndi chimodzimodzi kupita kwa aphunzitsi a pafupi kuti akuonereni kalata monga tinkachitira kale. Koma muziipatsa nkhani yanu yeniyeni, ndipo muwerenge zimene yalemba musanatumize. Ikakuikirani luso limene mulibe, fufutani, chifukwa funso loyamba lidzachokera pomwepo.

Pa anthu 14 a Loweruka lija panali mayi wina wa zaka za m'ma 30, wogulitsa kaunjika, msungichuma wa banki m'khonde ya kwawo. Yankho lake la pa fomu linali la makina loonekeratu, Chingerezi cha mabelu. Mu Seputembala uja mwina ndikanamutenga chifukwa cha kalatayo, mu Febuluwale ndikanamutaya chifukwa cha kalata yomweyo. Pa foni anavomera ndisanafunse n'komwe: "Analemba ndi mwana wanga pa foni yake, amayi, ine ndimamuuza m'Chichewa. Koma nkhaniyo ndi yanga." Ndipo anaifotokoza yonse, mpaka dzina la mtengo umene gulu lawo limakhala pansi pake.

Mayeso ali mkati anakweza dzanja. Ndinapita ndikuganiza kuti wasokonezeka. "Pepani amayi, lisiti yolembedwa kawiri ndaiona. Koma delivery note yachiwiriyi pamwamba akuti matumba 120, pansi pa chiwonkhetso akuti 102. Nditenge iti?" Ndinayang'ana pepalalo kawiri. Cholakwika chimenecho sindinabise dala. Ndinalakwitsa ndekha polemba usiku, a akaunti anachonga osachiona, ndipo anthu ena 13 anangodutsapo. Pa mulu wa matumba paja, iye sanadikire ndi makwerero omwe, anavula nsapato n'kukwera.

Ali ku Santhe mpaka lero. Lipoti lake limafika pa WhatsApp cha m'ma 5 koloko madzulo, mizere itatu, Chingerezi chosakaniza ndi Chichewa, nthawi zina ndi chithunzi cha stock card chojambulidwa mopendekeka. Mwezi watha anawonjezera mzere wachinayi, wondikumbutsa kuti invoice imene ndinamutumizira ili ndi deti la chaka chatha.